Mayina a Matenda ndi Zizindikiro Zake m'Chicheŵa cha ku Cowdray Park, Bulawayo

Nkhani ino ikunena za mawu amene olankhula Chicheŵa amafotokozera matenda ofala, ndiponso zimene zimachitikira mawuwo pamene wodwala ali pamaso pa namwino wosamva chinenero chake. Malo amene tasankha ndi Cowdray Park, dera lalikulu la nyumba zothinana limene lili kumpoto chakumadzulo kwa mzinda wa Bulawayo, kupitirira Luveve, pafupi ndi njanji yopita ku Victoria Falls.

Wina angafunse kuti Chicheŵa chikufunanji kumeneko. Yankho lake lili m'mbiri ya machona. Kuyambira kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, makamaka m'nthaŵi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, cha 1953 mpaka 1963, amuna ambiri a ku Nyasaland, a kum'maŵa kwa Northern Rhodesia ndi a ku Tete anatsikira ku Southern Rhodesia kukagwira ntchito m'migodi, m'mafamu, m'mafakitale ndi kunjanji, imene likulu lake linali ku Bulawayo. Ena anapita okha wapansi, ena anatengedwa ndi Mthandizi. Amene sanabwerere anakhazikika m'malokesheni akale monga Makokoba, Njube ndi Sizinda, nabereka ana. Cowdray Park ndi wamng'ono kwa onseŵa pa kubadwa, pakuti anayamba kumangidwa m'zaka za m'ma 1990. Anakula kwambiri kuyambira mu 2005, pamene boma, litagwetsa nyumba pa Operation Murambatsvina, linagaŵa malo pansi pa ndondomeko ya Garikai/Hlalani Kuhle. Malo ambiri anagaŵidwa mipope ya madzi, ngalande za zonyansa ndi misewu zisanakonzedwe. Pakati pa mabanja amene anasamukirako kuchokera m'malokesheni akale pali ana ndi zidzukulu za machona, ndipo ena anatenga nkhalamba zawo kukakhala nazo.

Malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a 2013, pa ndime 6, amavomereza zinenero 16, ndipo Chicheŵa ndicho choyamba pa mndandanda wake. Koma m'chipinda choonera odwala zinenero zimene zimamveka ndi Chindebele, Chishona ndi Chingerezi. Gogo akadwala amaperekezedwa ndi mwana kapena mdzukulu, amene amasanduka womasulira mosakonzekera.

Mfundo yathu ndi iyi. Chicheŵa chimatcha matenda potsata zimene thupi likumva ndi zimene maso akuona, pamene chipatala chimatcha matenda potsata chimene chawayambitsa. Chuma cha Chicheŵa pa nkhani ya kudwala sichili m'mayina a matenda, koma m'aneni ofotokoza ululu: kulasa, kupota, kutukutira, kuphwanya, kubanika, kuchita dzanzi. Womasulira wachinyamata amanyamula dzina lokha, nasiya aneniwo panjira, chonsecho aneniwo ndiwo amene namwino akuwafuna. Akale anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko; koma pano wamva m'mimba ndi wina, wotsekula pakamwa ndi wina.

Malungo

Palibe liwu limene lasokoneza anthu koposa ili. Masiku ano mabuku a zaumoyo ku Malaŵi amagwiritsa ntchito "malungo" kutanthauza nthenda imodzi yokha, yoyambitsidwa ndi kachilombo ka Plasmodium kamene kamaloŵa m'magazi munthu akalumidwa ndi udzudzu waukazi wa mtundu wa Anopheles. Koma liwuli ndi lakale kuposa chidziŵitso chimenechi. Laveran anaona kachilomboka m'magazi mu 1880, ndipo Ross anasonyeza mbali ya udzudzu mu 1897. Makolo athu anali akudwala kale malungo anthu aŵiriŵa asanabadwe. Kwa iwo, monganso kwa okalamba ambiri lero, malungo ndi mkhalidwe wa thupi: kutentha, kuphwanya m'mfundo, kuzizidwa, mutu ndi kufooka, kaya chayambitsa nchiyani. Nchifukwa chake munthu amati "ndamva malungo" atanyoŵa ndi mvula kapena atalima tsiku lonse.

Ku Nsanje kapena ku Nkhotakota matanthauzo aŵiriŵa amakumana kaŵirikaŵiri, chifukwa kumeneko wotentha thupi amapezekadi ndi kachilomboka nthaŵi zambiri. Ku Bulawayo sizili choncho. Mzindawu uli pamtunda, mamita pafupifupi 1,350 pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo ndi wouma. Malungo a udzudzu amene amaoneka m'zipatala zake amakhala obwera nawo kuchokera kumadera otsika monga Binga, Hwange ndi chigwa cha Zambezi, kapena kunja kwa dziko. Choncho gogo wa ku Cowdray Park amene sanayende ulendo akanena kuti ali ndi malungo, mwina ndi chibayo, taifodi, matenda a m'njira ya mkodzo, kapena chiyambi cha chifuŵa chachikulu. Mdzukulu akamasulira kuti ndi nthenda ya udzudzu, magazi amayezedwa, kachilombo osapezeka, ndipo gogo amabwerera kunyumba ali wokwiya kuti achipatala akukana matenda amene iye akuwamva m'thupi mwake. Onse aŵiri akunena zoona.

Ngozi ina ili mbali yachiŵiri, ndipo imeneyi ndiyo yoopsa. Munthu wokulira kumene kuli malungo amakhala ndi chitetezo china m'thupi, koma chitetezocho chimatha akakhala zaka zambiri osalumidwa ndi udzudzu wa kachilombo. Wobadwira ku Bulawayo ndiye alibiretu. Banja likapita kumudzi ku Malaŵi pa Khirisimasi, imene ndi nthaŵi ya dzinja ndi udzudzu, zizindikiro zimayamba patapita masiku 10 mpaka 15 chilumidwireni, onse atabwerera kale. Apa achinyamata amati ndi "flu", nagula mapiritsi a mutu kugolosale, pamene Plasmodium falciparum akuchulukana m'magazi. Ndipo angathe kufika ku ubongo m'masiku oŵerengeka. Chiganizo chimodzi chimene womasulira sayenera kuiŵala pamenepa si dzina la nthenda ayi, koma chakuti: tinali ku Malaŵi masabata aŵiri apitawo. Kuyeza kwake ndi kwa kadontho ka magazi a pachala, ndipo zotsatira zimatuluka pasanathe theka la ola. Mankhwala amene ku Malaŵi amatchedwa LA ndi omwewo amene ku Zimbabwe amadziŵika kuti Coartem.

Chifuŵa

Liwu ili ndi dzina la chiŵalo ndiponso la nthenda. "Ndili ndi chifuŵa" sikutanthauza kuti ena alibe, koma kuti ndikutsokomola. Chindebele chili ndi "isifuba" pa chiŵalocho ndi "ufuba" pa chifuŵa chachikulu, ndipo kufanana kumeneku kumachititsa onse kuganiza kuti amvana pamene sanamvane. (Kufanana kwa mawu sikukhulupirika: Mndebele akati "ngiyagula" akunena kuti akudwala, pamene Mcheŵa womva mwatheka angayese kuti munthuyo ali pamsika.)

Pansi pa chifuŵa pali matenda angapo, ndipo Chicheŵa chimawasiyanitsa bwino ngati wodwala apatsidwa mpata. Chimfine chimadza ndi mamina, kuyetsemula ndi kukereketa pakhosi. Chimayamba ndi mavairasi, ndipo chimatha chokha pa sabata imodzi kapena kuposerapo pang'ono. Chibayo dzina lake limadzifotokoza lokha: china chake chimabaya m'nthiti popuma, thupi litatentha. Kwa mwana wosatha kunena, chizindikiro ndi kupuma mofulumira, maulendo 50 kapena kuposa pa mphindi kwa wa miyezi 2 mpaka 11, ndi 40 kapena kuposa kwa wa chaka chimodzi mpaka zisanu, ndiponso kuloŵa m'kati kwa pansi pa nthiti pokoka mpweya. Mphumu ndi kubanika kobwerabwera, m'chifuŵa mukulira ngati kamluzu, makamaka usiku ndi m'miyezi yozizira ya June ndi July; fumbi la misewu yopanda phula ndi utsi wa nkhuni m'nyumba zopanda magetsi zimaiutsa.

Chifuŵa chachikulu ndicho chofunika kukhalapo pang'ono. Chimayamba ndi kachilombo kamene Robert Koch anakapeza mu 1882, ndipo kamayenda mumpweya wodwala akatsokomola. Zizindikiro zake ndi kutsokomola kopitirira masabata aŵiri, kutuluka thukuta usiku mpaka zofunda kunyoŵa, kutentha thupi madzulo, kuonda, ndipo nthaŵi zina magazi m'makhololo. Chimakonda malo amene mabanja angapo agaŵana nyumba imodzi, mazenera ali chitsekere, ndiponso thupi limene kachilombo ka HIV kafooketsa. Kwa machona pali chinthu chinanso. Amene anagwira ntchito m'migodi ya golide, ya malasha ku Hwange, kapena ya asibesitosi ku Zvishavane ndi Mashava, anapuma fumbi limene limaumitsa mapapo pang'onopang'ono, ndipo befu wake amadza zaka zambiri ntchito itatha. Fumbi la miyala ya m'migodi ya golide limachititsanso mapapo kugwidwa msanga ndi chifuŵa chachikulu. Mdzukulu amene sanaonepo agogo ake atavala chisoti cha mumgodi sadziŵa kuti mbiri imeneyi ndi mbali ya matendawo.

Pano tikumananso ndi mdulo. Mwa chikhalidwe chathu, munthu wamkulu amene akuonda, kumva kulasa m'chifuŵa ndi kulavula magazi amaganiziridwa kuti wadulidwa, ndiye kuti wina pabanja waswa mwambo wa kugonana kapena wathira mchere m'ndiwo ali wosayenera. Kwa mwana, kutupa mapazi ndi nkhope kumatchedwa tsempho, pamene achipatala amaona kupereŵera kwa zakudya m'thupi. Sitikufuna kutsutsana ndi mwambo m'nkhani ino. Chimene tiyenera kuona monga ophunzira zinenero nchakuti mdulo ndi tsempho ndi mwa mayina ochepa a Chicheŵa amene amatchula choyambitsa, ndipo choyambitsacho ndi khalidwe la munthu. Motero liwuli limadza ndi mlandu, ndipo banja limathera masabata pofufuza wolakwa. Palibe liwu la Chindebele kapena Chingerezi limene mdzukulu angalinyamulire mdulo, ndipo mwina nkwabwino kuti palibe. Akangonena za kuonda, thukuta ndi magazi, namwino amatumiza makhololo kokayezedwa. Mankhwala ake ndi a miyezi isanu ndi umodzi, ndipo m'zipatala za boma ndi za khonsolo salipiritsa.

M'mimba

Ku Bulawayo nkhani ya m'mimba ndi nkhani ya madzi. Mzindawu umadalira madamu a kumwera, Upper Ncema, Lower Ncema, Umzingwane, Inyankuni, Insiza ndi Mtshabezi, kuwonjezapo zitsime za ku Nyamandlovu, ndipo m'zaka za chilala khonsolo imatseka madzi mosinthanitsa madera. Mu 2020 kutsekaku kunafika maola 144 pa sabata. M'mwezi wa June chaka chomwecho ku Luveve, moyandikana ndi Cowdray Park, kunabuka matenda otsekula m'mimba amene anapha anthu osachepera 13, ambiri a iwo ana. Mipope ikakhala yopanda madzi masiku angapo, zonyansa zotayikira pansi zimatha kuloŵa m'ming'alu yake, ndipo madzi oyamba kutuluka amadza nazo. Amene alibe mpope pakhomo amasunga madzi m'zigubu ndi m'zidebe, mmene manja ndi zikho zimaviikidwa tsiku lonse.

"M'mimba" nalonso ndi dzina la malo, osati la nthenda. Kutsekula ndi kwina, kupota kapena kupotokola ndi kwina, kudzimbidwa ndi kwina, kutentha kwa pamtima kodza munthu ali ndi njala ndi kwinanso. Kamwazi ndi kutsekula kwa magazi ndi zonanda, munthu akumva kufuna kupita kuthengo kosalekeza. Kolera amadziŵika ndi chimbudzi cha madzi okhaokha ooneka ngati otsukira mpunga, kusanza ndi kukokana kwa minofu ya m'miyendo, ndipo angathe kupha munthu wamkulu tsiku lisanathe. Mliri wa 2008 mpaka 2009 unapha anthu oposa 4,000 m'Zimbabwe, ndipo wa 2022 mpaka 2023 unapha oposa 1,700 m'Malaŵi. Taifodi sayamba ndi kutsekula nthaŵi zonse. Amayamba ndi kutentha thupi kokwera tsiku ndi tsiku, mutu ndi kufooka, ndiye kuti pa Chicheŵa amayamba ngati malungo.

Msampha wa mawu ulipo pano. Pa Chishona kutsekula m'mimba ndi "manyoka". Mcheŵa akamva zimenezi amaganiza za njoka za m'mimba, zimene ndi nyongolotsi, ndipo mankhwala ake ndi ena. Mayi wouzidwa kuti mwana ali ndi manyoka angathe kupita kukafuna piritsi lopha njoka, pamene mwanayo akufuna madzi.

Pa liwombo zinenero zitatu zonse zimagwirizana, ndipo kugwirizanako ndiko kovuta. Mwana wakhanda liwombo likaloŵa, Acheŵa amati ndi nthenda ya liwombo, Ashona amati "nhova", Andebele amati "inkanda", ndipo onse ali ndi mankhwala omata pamutu. Gogo wa Chicheŵa ndi mnansi wake wa Chindebele amatsimikizirana. Koma liwombo limaloŵa chifukwa madzi atha m'thupi ndi kutsekula kapena kusanza. Limadza pamodzi ndi maso oloŵa, m'kamwa mouma, kulira kopanda misozi ndi theŵera louma. Mankhwala ake ndi odzera m'kamwa: kupitiriza kuyamwitsa, kumwetsa madzi a mchere ndi shuga pang'onopang'ono, ndi kuthamangira kuchipatala ngati mwana akulephera kuyamwa. Muyeso umene unaphunzitsidwa m'Zimbabwe ndi botolo la mamililita 750 la madzi oŵiritsa, masipuni aang'ono 6 a shuga osasefukira, ndi theka la sipuni yaing'ono ya mchere. Paketi ya Thanzi imene achibale amabwera nayo kuchokera ku Malaŵi imasungunulidwa m'lita yathunthu. Liwu loti "botolo" lokha silikwanira.

Matenda osamveka m'thupi

Ngati chinenero chimatcha matenda potsata zimene thupi likumva, chidzatani ndi nthenda imene thupi silimva? Apa ndi pamene Chicheŵa chathu chikupereŵera, ndipo mlandu wake ndi wa ife omasulira.

Nthenda imene aliyense ku Bulawayo amaitcha BP tinaimasulira kuti "kuthamanga kwa magazi". Ife tikuona kuti kumasulira kumeneku kunalakwika. Magazi sathamanga, chimene chimakwera ndi mphamvu imene magazi amakankhira zipupa za mitsempha, monga madzi apanikiza mpope. Muyeso ukamakhala pa 140/90 kapena kuposa pa masiku osiyana, nthendayo ilipo, ngakhale munthu akudya, kuseka ndi kuyenda bwinobwino. Koma womva mawu oti kuthamanga amayembekeza kumva mtima ukugunda. Mtima ukakhala phee amati wachira, nasiya mankhwala, kudikira tsiku limene adzamve mutu kapena chizungulire. Ena amati ndi nthenda ya maganizo basi, yodza ndi maliro kapena ana osamvera. Nkhaŵa imakwezadi muyeso, koma zoyambitsa zazikulu ndi msinkhu, mtundu wa kubanja, kunenepa, moŵa, kusayenda, matenda a impso, ndi mchere wopitirira magalamu 5 patsiku, amene sadzaza bwino ndi sipuni yaing'ono yomwe. Mapeto a kusiya mankhwala ndi mtsempha kuphulika kapena kutsekeka mu ubongo. Pakamwa pamapotoka, mkono ndi mwendo wa mbali imodzi zimafa, lilime limalemera. Pamenepo Chicheŵa chimapeza mawu msanga, koma mawu ake ndi akuti munthu wamenyedwa ndi hamala ya afiti, ndipo maola oyamba, amene wodwala anayenera kukhala ali kale ku Mpilo, amathera pa kulozana zala. Likanakhala loti "kupanikiza kwa magazi", mwina bwenzi anthu akumvetsa chifukwa chake mapiritsi ake ndi a moyo wonse.

"Matenda a shuga" ali ndi vuto lofanana. Dzinali limachititsa wodwala kuleka shuga wa mu tiyi, napitiriza mitanda itatu ya nsima yoyera, imene kumeneko amati "isitshwala", osadziŵa kuti nsima, buledi ndi mpunga zimasanduka shuga m'magazi. Nthendayi imadza thupi likamalephera kupanga kapena kugwiritsa ntchito insulini. Chiŵalo chopanga insulini timachitcha kapamba, dzina lomwelo limene timatchulira chiŵalo china chimene chimatupa kumanzere kwa mimba mwana akadwaladwala malungo. Zizindikiro zake, zikayamba kuoneka, Chicheŵa chimazitchula mosavuta: ludzu losatha, kukodza pafupipafupi usiku, nyerere kuunjikana pamkodzo, kuonda munthu akudya, maso kuchita nkhungu, dzanzi kumapazi, chilonda chosapola.

Womasulira

Chatsala ndi ulemu, umene pa Chicheŵa umachepetsa matenda pakamwa. Munthu wamkulu sadandaula pamaso pa mlendo. Akafunsidwa amati "ndiliko", kapena "pang'ono". "Sakupeza bwino" angakhale munthu wa chimfine, angakhalenso wosatha kudzuka. Tikati "matenda akula" kapena "agogo atopa", aliyense wakumudzi amadziŵa kuti ndi nthaŵi yotumiza uthenga kwa achibale. Mdzukulu wa ku Cowdray Park amadziŵa kutopa kumodzi kokha, ndipo amauza namwino kuti "udiniwe", ngati kuti gogoyo wangotopa ndi ulendo wa pabasi.

Matenda a kumalo obisika ndiwo amasoŵeratu njira. Bambo wokalamba amene mkodzo ukutuluka modontheza, kapena mayi amene anasiya kale kusamba koma wayambanso kutaya magazi, chimene chingakhale chizindikiro cha khansa ya khomo la chiberekero, amangoti "m'chiuno" kapena "kumusi". Kwa mwana wobereka yekha sanganene zoposa pamenepo, pakuti mwambo suloleza. Kwa mdzukulu anganene, chifukwa pa Chicheŵa gogo ndi mdzukulu ndi anthu oseleulana, ndipo nkhani zimene sizidutsa pakati pa kholo ndi mwana zimadutsa pakati pawo. Koma mwana, amene sangauzidwe, ndiye akumva Chicheŵa. Mdzukulu, amene angauzidwe, anakulira m'Chindebele kusukulu ndi kumaseŵera, ndipo "kusamba" amakudziŵa kwa sopo ndi madzi kokha. M'buku la chipatala mumalembedwa kuti wodwala akumva msana.